Momwe Joni Idaphunzirira Kulondola Matenda

1. Chibayo m'migodi

Golide adapezeka ku Johannesburg m'chaka cha 1886. Amuna ambiri adakhamukira kumeneko kukagwira ntchito. Ena adachokera kuno kwathu, ku Nyasaland, polembedwa ntchito ndi bungwe la Wenela. Mzindawu ankautchula kuti Joni.

Anthuwa ankagona mothithikana m'makomponi. Pansi pa mgodi pankatentha, koma akatuluka ankakumana ndi chisanu choopsa. Chibayo chidapha ambiri, makamaka ochokera kumaiko otentha. Imfa zitachuluka, mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko a kumpoto, kuphatikizapo kwathu kuno.

2. Malo ofufuzira matenda

Mu 1912 boma ndi eni migodi adakhazikitsa bungwe la South African Institute for Medical Research. Madokotala ake ankafufuza tizilombo toyambitsa chibayo. Adayesanso katemera pa anthu a m'migodi.

Lero ntchito yolondola miliri ili m'manja mwa bungwe la boma la NICD, lomwe lili ku Sandringham, mu Johannesburg momwemo. Chipatala chikapeza wodwala kolera, chikuku kapena chiwewe, lamulo limati chidziwitse boma. Akatswiri amawerenga odwala, nafunsa kuti: Akukhala kuti? Adadya chiyani? Adakumana ndi ndani?

3. Matenda a mu poloni

Mu 2017 madokotala adaona kuti ana obadwa kumene ambiri akudwala matenda a listeriosis. Matendawa amabwera ndi chakudya. Kachilombo kake sikafa ngakhale mufiriji. Amaopsa kwambiri kwa amayi oyembekezera, makanda, okalamba ndi anthu ofooka chitetezo cha m'thupi.

Kwa miyezi ingapo gwero lake silinkadziwika. Mu Januwale 2018 ana a pasukulu ina ya mkaka ku Soweto adadwala m'mimba, ndipo adawatengera kuchipatala cha Chris Hani Baragwanath. Azaumoyo adathamangira kusukuluko, natenga poloni amene anawo adadya. Atamuyeza, adapezamo kachilombo komweko.

Adalondola poloniyo mpaka kufakitale ya Enterprise ku Polokwane. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo, a Aaron Motsoaledi, idalengeza gwero la matendawa. Poloni adachotsedwa m'masitolo. Dziko la Malawi nalo lidaletsa nyama zotere kuchokera ku South Africa. Anthu oposa 1,000 adadwala, ndipo oposa 200 adamwalira. Mliriwu udatha mu Sepitembala 2018.

4. Mbali yathu

Boma silingaone mliri ngati odwala abisala m'nyumba. Chomwe chidaulula gwero la listeriosis n'choti ana aja adafika kuchipatala msanga, ndipo chakudya chawo chidapezeka.

Inu amene muli ku Joni, ndi inu muli kumudzi, mukadwala pitani kuchipatala. Azaumoyo akakufunsani zomwe mudadya ndi komwe mudayenda, nenani zoona. Yankho lanu likhoza kupulumutsa mudzi wonse.