Kufunafuna msewu wakale wa ku Domira Bay

Tchuthi chapitachi ndinakwera njinga yanga yakapalasa kukafufuza msewu umene ndakhala ndikuuphunzitsa m'kalasi osauonapo ndi maso.

Ambiri a inu mukamva za doko ku Salima kuno mumaganiza za Chipoka. Koma njanji isanabwere, khomo lalikulu linali Domira Bay, kumpoto kwa Senga Bay. Sitima zapamadzi zinkatsitsa katundu pamenepo, amtengatenga n'kumusenza pamutu kukwera zitunda za ku Dowa, kudutsa Lilongwe mpaka ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Azungu ena ankayenda pamachila, onyamula akusinthana mapewa. Amishoni a Dutch Reformed amene anakhazikika ku Mvera mu 1889 nawonso ankadalira gombe lomweli.

Chinapha msewuwu ndi njanji. Poyamba ankati ikathere ku Domira Bay komweko, koma inadzera pa Chipoka n'kuima pa Salima mu 1935, chaka chimene mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa. Katundu anasintha njira, masitolo anatsatira siteshoni, ndipo tauni ya Salima inakula kutali ndi nyanja. Njanji yopita ku Lilongwe inadikira mpaka 1979.

Nanga ndinapeza chiyani? Zochepa ndithu. Malo ena msewu uja walimidwa mpunga, ena wasanduka njira ya ng'ombe. Chimene chinandithandiza ndi mitengo ya mango yakalekale yondondozana, komanso kamtumbira kowongoka kodutsa m'dambo. Madzi sapanga mzere wowongoka chotere. Pamenepo panagwira makasu a anthu. Ndinatsika panjinga n'kuyenda pamwamba pake mpaka pamene panakokoloka.

Agogo ena amene ndinawapeza akusoka ukonde anandiuza kuti agogo awo aamuna ankasenza mabokosi kuti apeze ya msonkho wa nyumba. Dzina la agogowo silili m'buku lililonse limene ndimaphunzitsira, pamene mayina a mabwanamkubwa ana amawaloweza pokonzekera mayeso a MSCE. Zimenezi zinandiwawa.

Teremu ikubwerayi ndikufuna kupita ndi ana a Fomu 3, tikajambule mapu mvula isanagwe. Amene kwanu ndi kumeneko, funsani akuluakulu kumene msewuwu unkawolokera mitsinje, mundiuze tisananyamuke.