Msonkho wa Mbedza: Mbiri ya Lamulo la 1950 ku America

Munthu akagula ndodo yoŵedzera nsomba m'sitolo ya ku America, pa mtengo umene walipirawo pamakhala kamsonkho kosaonekera. Msonkho umenewu sukhalira m'thumba lalikulu la boma monga ichitira misonkho ina, koma umabwerera ku nyanja ndi ku mitsinje komwe munthuyo akupita kukaponya mbedza yake. Kodi zimenezi zinayamba bwanji?

Kale maboma a zigawo za dzikolo anali kugulitsa ziphaso kwa alenje ndi asodzi, koma kaŵirikaŵiri ndalama zake zinali kupatutsidwa n'kukagwira ntchito zina, chikhalirecho nyama ndi nsomba zili kutha. Tsono m'chaka cha 1937 aphungu aŵiri, a Key Pittman a ku Nevada ndi a Willis Robertson a ku Virginia, anapititsa lamulo lakuti msonkho wa mfuti ndi zipolopolo uzithandiza kusamala nyama za kuthengo. M'lamulomo munali mfundo imodzi yolimba: chigawo chofuna kulandirako ndalamazi chiyambe chakhazikitsa lamulo lakelake loletsa kupatutsa ndalama za ziphaso za alenje.

Asodzi ataona izi nawonso anakhumbira. Pa nthaŵi ya Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse boma linaika msonkho wa madola 10 pa madola 100 alionse pa zida zoŵedzera, ndipo ndalamazo zinali kuthera m'thumba lalikulu lija. Phungu wa ku Michigan, a John Dingell, pamodzi ndi a Edwin Johnson a ku Colorado, analimbikira kuti ndalama za asodzi zizisamala nsomba. Mu 1949 Pulezidenti Harry Truman anakana kusaina, popeza sanakondwe ndi zomangirira msonkho ku ntchito imodzi yokha. Aphunguwo sanagwe mphwayi. Chaka chotsatira analibweretsanso lamulolo, ndipo a Truman anasaina pa 9 August 1950. Mpaka lero limadziŵika ndi maina a Dingell ndi Johnson.

Kagaŵidwe kake ndi kotere. Pa madola 100 alionse, 60 amagaŵidwa potsata chiŵerengero cha anthu ogula ziphaso zoŵedzera m'chigawo chilichonse, ndipo 40 potsata kukula kwa mtunda ndi madzi ake. Pa ntchito iliyonse boma lalikulu limalipira mpaka magawo atatu mwa magawo anayi. Gawo lotsalalo chigawo chimadzipezera chokha, makamaka kuchokera ku ziphaso zomwe zija. Motero chiphaso chimodzi chimagwira ntchito kaŵiri: chimabweretsa ndalama zakezake, ndiponso chimakoka zina kuchokera ku likulu. Chigawo chimene chapatutsa ndalama za ziphaso chikhoza kumanidwa thandizo lonseli mpaka chitabweza zimene chinatengazo.

Ndi ndalama zimenezi zigawo zagula malo a m'mbali mwa madzi kuti munthu aliyense azifikako, zakumba madamu atsopano, zamanga malo oswetsera nsomba, ndipo zalemba ntchito akatswiri ofufuza za moyo wa nsomba.

M'kupita kwa zaka ntchito inachuluka kuposa ndalama. Pa chifukwa ichi, mu 1984 a Malcolm Wallop a ku Wyoming ndi a John Breaux a ku Louisiana anakulitsa lamuloli. Anaonjezamo zida zina zoŵedzera zimene poyamba zinalibe msonkho, msonkho wa zida ndi mabwato ochokera kunja, ndiponso gawo la msonkho wa petulo wothira m'mabwato a injini. Popeza eni mabwato anayamba kusonkha nawo, lamulo linanena kuti gawo lina la ndalama lizimangira madoko ndi njira zotsitsira mabwato m'madzi. Madoko ambiri a m'mapaki a zigawo anamangidwa motero.

Komabe njira imeneyi ili ndi pofooka pake. Anthu osambira ndi ongobwera kudzaona mbalame amasangalala ndi madzi omwewo osalipira msonkhowu. Asodzi akachepa, ndalama za ziphaso zimachepanso. Ena amadandaula kuti nsomba zokondedwa ndi oŵedza zimasamalidwa koposa tinsomba topanda malonda.

Msodzi wa ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay ndi wosiyana ndi mnzake wa ku Michigan, pakuti uyu amaŵedza kuti apumule pamene uyo amaŵedza kuti ana adye. Koma onse aŵiri akamalipira chiphaso amakhala ndi funso limodzi mumtima: ndalama yangayi ikupita kuti? Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ku America mawuŵa anapherezera chifukwa lamulo linatseka thumba, ndipo msodzi wosonkha amatha kuloza ndi chala doko limene ndalama yake inamanga.