Usiku Umene Mwana Wathu Anakana Kugona Pansi ku Russia

Senderani kufupi ndi mbaula, adzukulu anga, chisanu cha Julaye kuno ku Mzuzu sichiona nkhope. Iwe amene wapachika thumba la mchenga pamtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, khala apa pamaso panga. Ndakumva m'mamawa ukulidibula thumba lija nkhungu isanachoke m'dambo. Nkhani ya lero ndi yako.

Ife tinakula tikudziwa kuti Mmalawi ali ndi dzanja. Mu 1970 Tatu Chionga anabwera ndi mendulo ya bulonzi kuchokera ku masewera a Commonwealth ku Edinburgh. Mu 1986, mumzinda womwewo, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe anabwera nazonso ziwiri. Kanema kunalibe m'dziko muno masiku amenewo. Nkhani zotere tinkamvera pa wailesi, titaunjikana pakhonde, mabatire titawayanika padzuwa usana wonse kuti apezeko mphamvu. Kenaka mu 1997 Drake Thadzi anagonjetsa James Toney ku America, munthu amene dziko lonse linkamuopa. Choncho pamene tinamva mu 2016 kuti Isaac Chilemba, mwana wobadwira ku Blantyre, akupita ku Russia kukakumana ndi Sergey Kovalev, mitima ya ife achikulire inadzuka.

Koma kuti mumvetse chimene mwana wathu anakakumana nacho, ndiyambe ndakuuzani za Kovalev yo.

Anabadwa mu 1983 ku Kopeysk, tawuni ya migodi ya malasha pafupi ndi mzinda wa Chelyabinsk, dziko lozizira moti chisanu chathu chino iwo angachitche chilimwe. Anavala magolovesi ali ndi zaka 11. Kumeneko mwana akalowa m'nkhonya amapeza mphunzitsi, holo yochitiramo zokonzekera, ndi mipikisano ya msinkhu wake chaka ndi chaka. Kovalev anamenya nkhonya zosalipidwa zopitirira 200 asanalandirepo khobiri la chibakera. Werengani bwino: kukwera m'bwalo ka 200, kuphunzira kuteteza chibwano, kuponda bwino, kupuma pakati pa mkuntho. Mu 2005 anapata mendulo ya golide pa mpikisano wa asilikali a mayiko onse. Pamenepo mukumbuke anyamata athu a ku Moyale Barracks, chifukwa nkhonya ndi usilikali n'zapachibale kulikonse.

Komabe ku Olympics sanapite. M'dziko lakwawo akatswiri ndi ochuluka ngati nyerere pachulu, ndipo pakhomo pa timu ya dziko panali pataima anzake monga Matvey Korobov ndi Artur Beterbiev. Ataona kuti khomo lakana, anamanga katundu n'kupita ku America, ndipo mu 2009 anayamba nkhonya zolipidwa. Zaka zoyambazo zinali za usiwa. Ankamenya m'maholo ang'onoang'ono, chilankhulo chachilendo, ndalama zosaoneka, koma pafupifupi aliyense woima naye ankagwa. Anamupatsa dzina loti Krusher, kunena kuti wophwanya.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingakubisireni. Mu Disembala 2011, mumzinda wa Ekaterinburg, Kovalev anamenyana ndi mnzake wa ku Russia komweko, Roman Simakov. Simakov anakomoka nkhonya itatha, ndipo patapita masiku ochepa anamwalira. Iwe wa thumba la mchenga, mva zimenezi ndi makutu onse awiri. Nkhonya si ndewu ya pa Chibavi usiku wa Loweruka. Ndi ntchito yofuna dokotala pambali pa bwalo, woyimbira wamaso, ndi mphunzitsi wodziwa nthawi yoponya thawulo.

Mu Ogasiti 2013 Kovalev anapita ku Cardiff n'kukalanda lamba wa WBO kwa Nathan Cleverly pamaso pa anthu akwawo, m'ndime yachinayi. Mu Novembala 2014 anagonjetsa nkhalakale Bernard Hopkins ku Atlantic City, n'kukhala ndi malamba atatu m'chiuno mwake: WBO, WBA ndi IBF, pa sikelo ya makilogalamu 79. Pofika Julaye 2016 anali atamenya nkhonya zolipidwa 30 osagonjapo. Anapambana 29, ndipo mwa zimenezo 26 zinatha belu lomaliza lisanalire. Munthu mmodzi yekha, Hopkins uja, ndiye anali atafika naye ndime 12.

Nanga wathuyo? Chilemba anabadwa mu 1987, anapita ku Joni ali mnyamata monga amachitira ana ambiri a kuno kumpoto, ndipo mu 2005 anali atayamba kale nkhonya zolipidwa. Analibe nkhokwe ya mipikisano imene mnzakeyo anakulira. Anaphunzira ntchito ali pantchito, mpaka anatenga lamba wa IBO mu 2010.

Anakumana pa 11 Julaye 2016, Lolemba, ku Ekaterinburg komwe kuja. Kovalev anali asanamenyenso kwawo chichitikire za Simakov. Ine ndinaionera nkhonyayo mawa lake pa lamya ya amalume anu, tili pakhonde pompano, mitu isanu titaigunditsa pa kagalasi kochepa ngati chikhatho. Agogo anu aakazi ankati sakufuna kuona, koma mphika wa nyemba unapserera iwo ataima kumbuyo kwanga.

Ndime zoyamba mwana wathu ankaterera ngati mlamba. Kovalev akaponya, iye wapendeka. Akabwera, iye wachoka, n'kumubaya ndi dzanja lamanzere. Koma m'ndime yachisanu ndi chiwiri chibakera chinamupeza, ndipo anagwa. Pakhonde pano panangoti zii. Woyimbira akuwerenga, ine ndinagwira ndodo yangayi mpaka zala kuuma. Ndiye tinaona mwana uja akudzuka. Ndime yotsatira anamenyedwa koopsa, miyendo ikukana, koma sanagonenso pansi. Anapirira, nabwezera, mpaka belu la ndime ya 12 linamupeza ali chiimire. Oweruza anapereka chipambano kwa Kovalev, 116-111, 117-110 ndi 118-109, ndipo sanabere. Koma usiku umenewo anthu ofika ndime 12 ndi wophwanya uja anakhala awiri, ndipo wachiwiriyo anali Mmalawi. Ine misozi inatsika, sindikuchita manyazi kukuuzani.

Kovalev naye tsiku lake linafika. Mu Novembala chaka chomwecho anagonja kwa Andre Ward, ndipo mu 2019 Canelo Alvarez anamugwetsa m'ndime ya 11. Chilemba anakaimanso ndime 12 ndi katswiri wina wa ku Russia, Dmitry Bivol, mu 2018. Malamba amapita ndi kubwera, zimenezo sizindivutitsa.

Chimene chimandisowetsa tulo n'china. Kovalev ndi Chilemba anasiyana mphamvu asanakumane n'komwe, akali ana. M'mera mpoyamba. Wina anamera m'munda wolimidwa, wothiridwa manyowa zaka zambiri. Wathu anamera pamwala, komabe anabala. Nanga akanapeza munda? Ndikadutsa ku Zolozolo, ku Mchengautuwa kapena ku Luwinga ndimaona anyamata ndi atsikana akuthamanga m'nkhungu, ena akugawana magolovesi amodzi ong'ambika. Mbewu ilipo. Chosowa ndi mipikisano ya ana, aphunzitsi odziwa, ndi makolo oti n'kuperekeza mwana ku bwalo.

Ndiye iwe, usathamangire ndalama za nkhonya. Mawa tikupita limodzi kukapeza mphunzitsi, ndipo sukulu sudzasiya. Magolovesi ndigula ine ndikagulitsa nthochi za kumunda. Thumba lako lija ulitsitseko pang'ono, walipachika m'mwamba kwambiri. Chibakera chimachokera kumiyendo. Tsopano wonjezerani makala, moto ukuzima.