Agalu a ku Nkhamanga uzimba utatha

Wamalonda wina dzina lake Mlowoka atawoloka nyanja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, anapeza dziko la Nkhamanga lodzaza ndi njovu, ndipo ufumu wa Chikulamayembe unamera pa malonda a minyanga, makasu ndi nsalu. Nkhani imeneyo imakumbukiridwa chaka ndi chaka pa mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero. Za galu palibe amazitchula. Komatu ndiwo za tsiku ndi tsiku, kalulu, gwape, nguluwe, ankazitulutsa m'tchire ndi galu, ntcheŵe m'Chitumbuka.

Mlenje sankaweta galu mmodzi, ndipo amphongo akachuluka pabwalo sipalephera kuvuta. Wamng'ono akangokhwima amayamba kuyesa wamkulu: amamusanjika chibwano pamsana, ubweya wa pakhosi uli nyankhalala, kenaka n'kumukwera ngati kuti mnzakeyo ndi wamkazi. Wamkulu akapirira, zatha. Akabangula, fumbi koboo, wina khutu lang'ambika. Eni ake ankangoti atambala awiri salira m'khola limodzi.

Mankhwala ake anali ntchito. Galu amene wathamangitsa gwape kuyambira mbandakucha, n'kukwera mapiri a Aphoka mpaka dzuwa kupendeka, amabwera lilime lili panja, osalabadanso za ufumu. Matumbo a nyama ankawaponya motalikirana kuti aliyense adye kwake. Wovutitsitsa, woyendayenda usiku kutsata aakazi a midzi ina, ankamuthena.

Kenaka tchire linatsekedwa. Mu 1965 boma linasandutsa Nyika kukhala malo osungirako nyama zakutchire, ndipo mu 1978 linakuza malirewo mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Mabanja ambiri anasamutsidwa. Dambo la Vwaza nalo linatetezedwa m'zaka za m'ma 1970. Kulowa ndi agalu m'menemo kunasanduka mlandu wopha nyama mozembera, ngakhale ena sanasiyiretu.

Galu wa uzimba anasanduka mlonda wa chigafa cha fodya ndi khola la mbuzi. Pa Boma pa Rumphi ena amagona pa tcheni usana wonse mkati mwa mpanda. Miyendo ndi yomwe ija ya makolo ake, koma kothamangira kulibe, ndiye mphamvu zonse zimathera pa mnzake wapabwalo.

Kodi kukwerana kumeneku ndi kulimbirana ufumu basi? Azungu nawo anakhulupirira choncho kwa zaka zambiri. Mu 1947 katswiri wa nyama Rudolf Schenkel anafalitsa za nkhondo zolimbirana ufumu zomwe anaona pa mimbulu yotsekeredwa kumalo oonetsera nyama ku Basel, ndipo katswiri wina, David Mech, anazitchukitsa m'buku lake la mu 1970. Koma mu 1999 Mech yemweyo anabweza mawu: kutchire gulu la mimbulu ndi banja chabe, bambo, mayi ndi ana, ndipo nkhondo zija zinkachuluka chifukwa chopanikiza nyama zosadziwana malo amodzi. Zoti mpanda umaputa ndewu mlenje wa ku Nkhamanga akanawauza kwaulere.

Madokotala a ziweto lero amati galu amakwera mnzake pa zifukwa zingapo: kusewera, chimwemwe chopitirira mlendo akafika, kusowa mtendere, kapena fungo la wamkazi amene ali pa nyengo. Ngakhale tiana ta agalu ndi agalu aakazi amachita zomwezo. Kuthena kumachepetsa kuyendayenda ndi ndewu zolimbirana akazi, koma chizolowezi chimene galu wakula nacho sichichoka ndi mpeni. Chikwapu chimangowonjezera mantha, ndipo galu wamantha ndiye woluma.

Mayi wodziwa agalu ake sadikira zonsezo. Akamakokota mkute madzulo amaika mbale ziwiri, ina kuseri kwa nkhokwe, ina pafupi ndi khitchini. Akaona wamng'ono wayamba kusanjika chibwano paphewa la mnzake, amamuitana dzina msanga n'kutuma mwana kuti apite naye kudambo kokatenga mbuzi.