Msonkho, Maleti ndi Malire a Mzinda

Khonsolo ya mzinda ikalengeza kuti iyamba kutseka nyumba zamalonda za anthu amene sanalipire, olemba nkhani m'Chichewa amapunthwa pa liwu limodzi. Chikalata cha khonsolo chimati "city rates", koma pofika pa wailesi lero ndi "msonkho wa nyumba", mawa "msonkho wa malo", mkuja "misonkho ya mumzinda". Palibe mwa atatuwa amene ndi bodza lenileni, komanso palibe amene akuloza chinthucho ndi chala. Wophunzira za kayendetsedwe ka maboma aang'ono akafunsidwa kuyerekeza zimene amalipira mwininyumba wa ku Chilomoni ndi zimene amalipira mnzake wa ku Chileka, amapeza kuti funsolo likukanika kuima m'chinenero chake. Onse awiri amakhoma msonkho, ndipo onse awiri akafunsidwa kwawo amati ndi a ku Blantyre. Kusiyana kwawo kuli m'mawu awiri amene Chichewa cha m'maofesi sichinawakhazikitsebe, loyamba la ndalama imene ikulipidwa, lachiwiri la malo amene munthuyo akukhala.

Liwu lakuti msonkho lasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake. Ndalama imene bwana amadula pa malipiro a mwezi n'kutumiza ku MRA timaitcha msonkho. VAT, imene inalowa m'malo mwa surtax mu 2005 ndipo imabisala mu mtengo wa katundu wa m'sitolo, ndi msonkho. Tikiti imene mayi wogulitsa tomato amadula m'mawa uliwonse pamsika wa Limbe ndi msonkho, ndipo ambiri amatero ndithu ndi ndalama ya pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Koma ndalamazi sizilowa m'thumba limodzi. Ziwiri zoyambazo zimapita ku boma lalikulu, ya pamsika imapita ku khonsolo, ya pachipata ndi ya Roads Fund Administration. Sizichokeranso pa muyeso umodzi: ina imayezedwa pa zimene munthu wapeza, ina pa zimene wagula, ina pa malo amene wayalapo malonda tsikulo. Imene khonsolo ikulira nayo ili payokha, pakuti imayezedwa pa mtengo wa puloti ndi zomangidwapo, monga momwe akatswiri oyeza mitengo ya nyumba analembera m'kaundula amene amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse, ngakhale kuti makhonsolo athu amadumphitsa nthawiyo kawirikawiri. Munthu wa ku Chileka akamati "inenso ndimakhoma msonkho ndikagula ku Blantyre" akunena zoona, koma ndalama yakeyo yadutsa khonsolo ya mzinda osaima, yapita ku likulu. Liwu limodzi lamuchititsa kuganiza kuti wasonkhera galimoto yotola zinyalala pamene wasonkhera thumba lina.

Chodabwitsa n'chakuti tikatsata muzu wake, liwuli likanayenera ndalama ya khonsoloyi kuposa ina iliyonse. Kusonkha ndi zimene anthu odziwana amachita pamaliro kapena pokonza mjigo: cholinga n'chodziwika, osonkha ndi odziwika, ndipo kope la maina limawerengedwa poyera. Anthu a mzinda umodzi kusonkherana kuti pakhale magetsi a mumsewu, ozimitsa moto, misika ndi manda, kumeneko ndiye kusonkha kwenikweni. Koma mbiri inalanda liwuli kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston atakhazikitsa msonkho wa mashiling'i atatu pa nyumba iliyonse, liwuli linayamba kununkha chikakamizo, makamaka pamene boma la atsamunda linkachepetsera msonkho munthu amene wagwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu. N'chifukwa chake "msonkho wa nyumba" ndi kumasulira koipa kwambiri mwa atatu aja. Kukukumbutsa msonkho umene sunkayang'ana ngati nyumbayo ndi yaudzu kapena yamalata, pamene ndalama ya khonsolo yagona pa kusiyana komweko. Kukusiyanso kunja puloti yopanda nyumba ndi fakitale ya ku Makata kapena ku Kanengo. Nako "msonkho wa malo" kumagundana ndi lendi ya malo imene mwini lizi amalipira kwa mwininthaka, kaya ndi unduna wa zamalo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo yomweyo. Si ochepa amene amalipira lendiyo n'kumaona ngati athana nazo zonse.

Maganizo anga ndi akuti tibwereke liwu la Chingerezi lija la "rates" n'kulilemba mwathu. Anthu a m'tauni analibwereka kale pakamwa, changotsala ndi cholembera. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amaika r pambuyo pa e ndi i, kwina konse l, ndipo n'chifukwa chake tili ndi lendi, lipoti ndi laisensi. Potsatira njira yomweyo tikhala ndi maleti. Okonda Chichewa chosasakaniza adzati kubwereka ndi ulesi, ndipo ali ndi umboni wabwino: "mphamvu ku anthu" anagwira mitima kuposa momwe liwu lobwereka likanachitira, ndipo "Nyumba ya Malamulo" sachititsa munthu manyazi. Koma mawu amenewa anapambana chifukwa ankafotokoza ganizo lalikulu limene anthu anali nalo kale m'mutu. Maleti si ganizo lalikulu. Ndi dzina la bilu imodzi pakati pa mabilu ena, ndipo ntchito ya dzina lotere ndi kusiyanitsa. Tikati tipange lathu lolondola, titha ndi "msonkho wa kukhonsolo wolingana ndi mtengo wa malo ndi zomangidwapo", chiganizo chimene chingathandize m'buku lotanthauzira mawu koma palibe angachitchule pamzere wolipirira. Ena adzati agogo a kumudzi salimva liwu lobwerekalo. Zoona, koma agogowo salipira maleti, ndipo fizi anaidziwa tsiku limene mdzukulu anabwezedwa kusukulu.

Liwu lachiwiri ndi lovuta kuposa, ndipo apa kubwereka sikungatipulumutse. Mabuku a zachuma cha mizinda, ambiri mwa iwo olembedwa ku America, amayerekeza mzinda ndi "suburbs" ake. Kumeneko liwuli limanena tauni yoima payokha, ya khonsolo yake, bajeti yake ndi maleti ake, yokhala m'mphepete mwa mzinda waukulu. St. Louis ndi chitsanzo chodziwika: mzindawu unadzipatula ku dera lozungulira mu 1876, ndipo lero m'dera limenelo muli matauni odziyimira oposa 80. Mu 1950 mumzindamo munali anthu oposa 850,000, koma pofika 2020 anatsala pafupifupi 300,000, chonsecho misewu, mipope ndi apolisi zikufunikabe ndalama. Pofuna kuti ogona kunja asangodya nawo, mzindawu umadula 1 peresenti pa malipiro a aliyense wogwira ntchito m'kati mwake. Tsono womasulira wathu akaona "suburb" amathamangira "kumayadi", poti m'Chingerezi cha kuno Namiwawa, Sunnyside ndi Area 10 ndi amene amatchedwa choncho. Pamenepo mfundo yonse yatembenuzika. Kumayadi kwathu kuli m'kati mwa malire, ndipo pamodzi ndi nyumba zamalonda ndi mafakitale ndi kumene khonsolo imadalira pa maleti. Wophunzira wowerenga kuti "a kumayadi amathawa msonkho wa mzinda" waphunzira zosiyana ndi zimene wolemba ananena.

Mawu athu a malo okhala amayeza ulemerero: kumayadi, kumalokesheni, kumapuloti, ndi kukomboni monga amanenera anzathu a ku Lusaka. Palibe limene limayeza ulamuliro. Komatu pa nkhani ya ndalama funso ndi limodzi, loti nyumbayo ili mbali iti ya malire. Chimene chikufanana ndi "suburb" ya ku America kuno ndi Chileka, Lunzu ndi Mpemba kwa Blantyre, kapena Njewa, Mpingu ndi Nanjiri kwa Lilongwe, kumene anthu a ntchito za m'tauni akugula malo kwa eni minda n'kumanga nyumba za mipanda zosasiyana ndi za ku Area 47. Magetsi ndi a ESCOM yomweyo, ndipo madzi, kumene mipope yafika, amalipiridwa pa bilu ya bungwe la madzi, osati ku khonsolo. Mwininyumba wotere m'mawa amalowa mumzinda, amayenda pa misewu yake, amataya zinyalala m'migolo yake, madzulo n'kukagona pa malo a mfumu kumene bilu ya maleti siifika. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, koma kalembera amawerenga munthu kumene wagona, pamene khonsolo imatumikira amene aswera mumzindamo. Choncho mawu oyenera ndi osavuta: "m'kati mwa malire" ndi "kunja kwa malire". Alibe kukoma kwa ndakatulo, koma akuloza mzere umene ndalama zimathera.

Sikuti wa kunja kwa malire ndi wakuba. Amadzikumbira yekha dzenje la zinyalala, amasonkherana ndi anzake kuthira dothi mumsewu mvula ikaukumba, ndipo moto ukabuka galimoto yozimitsa ili kutali. Mlimi wa ku Lunzu wogulitsa pamsika wa mumzinda amadula tikiti tsiku ndi tsiku. Nawonso a m'kati ali ndi dandaulo lomveka, loti amalipira koma zinyalala zimagona pamsewu sabata yathunthu. Apa mpamene mawu akuti "mtolo wa msonkho", amene ena amamasulira nawo "tax burden", amasocheretsa, chifukwa akatswiri satanthauza kukula kwa ndalamayo koma gawo limene yadya pa zimene munthu amapeza. Tikiti ya pamsika ingamulemere wogulitsa masamba kuposa momwe maleti amamulemerera mwini nyumba yosanja. Mkangano wonsewu ndi wofunika kuuchita, ndipo Johannesburg inauchita poyera: a ku Soweto ankafuna mzinda umodzi wa thumba limodzi, a ku Sandton ananyanyala maleti mu 1996, mpaka mu 2000 dera lonselo linakhala pansi pa khonsolo imodzi. Kwathu mkanganowu sunayambe bwino, ndipo china mwa zifukwa n'chakuti olipirawo alibe mawu ouchitira.

Nanga woika mawuwa ndani? Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, inali ndi mphamvu yolamula koma inathetsedwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwake mu 1996, inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, koma ntchito yake ndi kufufuza ndi kulangiza. Sindikulira kuti bodi ija ibwerere, pakuti liwu lolamulidwa kuchokera pamwamba limafera m'kabati. Mawu a ndalama amakhazikika pa pepala limene munthu walandira m'manja. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabwera ndi "asembule", kusintha kwa 2010 kunabwezeretsa "khonsolo", ndipo pakamwa pa anthu panatsatira zikwangwani ndi malisiti popanda womenya belu. Kuyambira 2005 mpaka 2014 makhonsolo anayenda opanda makhansala, ndipo zaka zimenezo maleti anali nkhani ya pakati pa mlembi ndi mwininyumba, m'Chingerezi. Makhansala anabwerera koma chinenero cha mapepala sichinasinthe. Bilu ikanalembedwa mbali ziwiri, Chingerezi ndi Chichewa, ndipo ku Mzuzu Chingerezi ndi Chitumbuka, ikanatchula maleti ndi dzina lake, mtengo umene nyumbayo yaikidwa m'kaundula, gawo limene khonsolo ikutengapo, ndi ofesi imene mwininyumba angakadandaule akaona kuti mtengowo waukuza.