Cifukwa Cake Magemu Akale Akukana Kugwila Nchito pa Makompyuta Atsopano

LUSAKA: Anthu amene anakulila m'makomboni a Kanyama, Matero, Chawama, George, Kalingalinga ndi Mtendere m'zaka za m'ma 2000 amakumbukila bwino tumashopu twa magemu. Munali benchi, TV yakale ya msana waukulu ndi makina a PlayStation 2, ndipo ana anali kulipila kuti asewele mpila wa FIFA kapena Grand Theft Auto: San Andreas.

Kampani ya Sony inatulutsa PlayStation 2 m'caka ca 2000, ndipo inaleka kuipanga kuciyambi kwa 2013 itagulitsa makina oposa 150 miliyoni. Makina amene atsala akalamba. Diso lowelenga disiki limafooka, ndipo ena amapsa malaiti akabwela mwamphamvu pambuyo pozima.

Motelo mwini shopu amene makina ake afa amaganiza zogula kompyuta. Koma kawilikawili amapeza kuti gemu yakale ikana kutseguka, ngakhale kuti kompyutayo ndi yamphamvu kuposa makina akale. Nchito imaima, ndipo ndalama zimene anagulila kompyuta zimakhala zitapita.

Gemu imapangidwila makina ake

Vuto loyamba ndi lakuti gemu iliyonse inalembedwa molingana ndi makina a nthawi yake. PlayStation 2 ili ndi ubongo wakewake wochedwa Emotion Engine, umene umamva malangizo osiyana ndi a Intel kapena AMD. Disiki yake siingasewele payokha pa kompyuta.

Magemu a pa kompyuta nawonso ali ndi vuto lofananalo. Windows ya 64-bit siitsegula mapulogilamu akale a 16-bit, ndipo Windows 11, imene inatuluka mu 2021, ndi ya 64-bit cabe. Magemu ena akale anali kudalila liwilo la kompyuta poyeza nthawi, conco pa makina a lelo amathamanga kwambili moti munthu sangawasewele.

Loko za pa madisiki

Pofuna kuletsa kukopa, makampani anali kuika loko pa madisiki, monga SafeDisc. Pamene Windows 10 inabwela mu 2015, kampani ya Microsoft inaleka kulola loko imeneyi cifukwa inali kupeleka mpata kwa anthu owononga makompyuta. Zotsatila zake n'zakuti munthu amene anagula disiki yeniyeni ndiye anatsekeledwa panja.

Magemu odalila intaneti amafa mwa njila ina. Mu 2014, makompyuta a GameSpy, amene anali kulumikiza osewela a magemu ambili, anazimitsidwa. Kumapeto kwa 2020, kampani ya Adobe inasiya pulogilamu ya Flash, imene magemu ambili a m'ma internet cafe anali kudalila.

Colakwa cobisika kwa zaka 20

Gemu ya San Andreas ikupeleka citsanzo cabwino. Windows 11 itakonzedwanso mu 2024, osewela anaona kuti ndeke ya pamadzi yochedwa Skimmer yasowa. Mu 2025, katswili wina wodzipeleka anapeza kuti olemba gemuyo anaiwala kulemba manambala ena a ndekeyo. Kwa zaka pafupifupi 20 gemu inali kutola manambala otsalila m'kompyuta, amene mwamwayi anali oyenela. Windows itasintha pang'ono, mwayiwo unatha.

Eni ake nawonso avutika

Kuti gemu ikonzedwe bwino, pafunika malemba ake oyambilila, ochedwa source code. Makampani ambili sanawasunge. Gulu limene linakonza Silent Hill HD Collection mu 2012 linagwila nchito ndi malemba osakwanila, ndipo gemuyo inatuluka ndi zolakwa. Mu November 2021, Rockstar Games inatulutsanso San Andreas pamodzi ndi magemu ena awili, koma zolakwa zinaculuka kotelo kuti kampaniyo inapepesa poyela. Nyimbo zina za mu gemu yakale munalibe.

Mu 2023, bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti 87 pelesenti ya magemu amene anatuluka ku America caka ca 2010 cisanafike sanali kugulitsidwanso.

Njila zimene zilipo

Njila yodziwika kwambili ndiyo emulator, pulogilamu imene imacititsa kompyuta kukhala ngati makina akale. DOSBox imatsegula magemu a MS-DOS, pamene PCSX2 imatsanzila PlayStation 2. Zonse ziwili zinayamba mu 2002 ndipo ndi zaulele. Komabe kutsanzila makina kumafuna mphamvu zambili, ndipo laputopu yochipa ingacititse gemu kumadukaduka.

Sitolo ya pa intaneti ya GOG, ya ku Poland, yakhala ikugulitsa magemu akale okonzedwa kale kuyambila mu 2008. Mu Windows mulinso njila yochedwa compatibility mode, imene imathandiza magemu ena. Ena amasunga kompyuta ya Windows XP, koma popeza Microsoft inaleka kuiteteza mu April 2014, ndi bwino kusailumikiza ku intaneti.

Cenjezo kwa ogula

Lamulo la Zambia la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limatetezanso mapulogilamu a kompyuta. Gemu siikhala ya aliyense cabe cifukwa yakalamba. Ndiponso magemu othyoledwa amene amafala pa mafulashi kawilikawili amabwela ndi mavailasi, amene angawononge kompyuta yonse ya shopu.

Conco aliyense wofuna kusiya PlayStation 2 n'kuyamba kugwilitsila nchito kompyuta ayenela kuyesa magemu amene makasitomala ake amakonda pa makinawo asanalipile ndalama. Afunse mtundu wa Windows imene ilimo, aone ngati ma pad ake agwila, ndipo asewele kwa kanthawi kuti aone ngati gemu siiduka. Amene akali ndi PlayStation 2 yogwila nchito aisamale ku fumbi ndi kuizula ku malaiti akazima, pakuti zatsopano sizipangidwanso.