Mawu ndi Mfundo za Malipiro a Ogwira Ntchito za Pansanja pa Malo a Boma ku America

Ogwira ntchito za pansanja ndi anthu amene amatsitsa katundu m'malole, kumanga nsanja, kupachika magetsi ndi zokuzira mawu, kuyendetsa zipangizo pamene zoimbaimba kapena zisudzo zili mkati, kenako n'kuphwasula zonsezo khamu likabalalika. Ku United States amatchedwa ma stagehand, ndipo bungwe lalikulu lowayimira ndi IATSE, limene linakhazikitsidwa ku New York mu 1893 ndipo lili ndi nthambi m'mizinda ya dzikolo komanso ya ku Canada. Zochitika zambiri zimene amagwirako ntchito zimakhala pa malo a boma, monga mapaki, mabwalo a masewera, maholo a khonsolo ndi misewu yotsekedwa chifukwa cha zikondwerero. Mawu amene amamveka pokambirana za malipiro awo anachokera m'mene ntchitoyo imakhalira. Imapezeka mwa apo ndi apo ngati ganyu, imafuna anthu ambiri kwa maola ochepa, ndipo mbali yake yoopsa imagwiridwa usiku anthu atatopa kale.

Kuitanidwa kulikonse kuti munthu abwere kudzagwira ntchito kumatchedwa call. Pali load-in, nthawi yotsitsa ndi kumanga. Pali show call, nthawi imene chionetsero chili mkati ndipo pamatsala anthu ochepa. Pomaliza pali load-out, yophwasula ndi kupakira, imene imayamba oonerera akangotuluka ndipo imatha kufika mbandakucha. M'mizinda imene bungwe lili ndi mphamvu, wokonza chionetsero amauza ofesi ya nthambi chiwerengero cha anthu amene akufuna, ndipo ofesiyo imatumiza anthu motsata mndandanda wake. Pamalopo pamakhala steward, woyimira bungwe amene amalemba maola a aliyense ndi kulandira madandaulo.

Pa call aliyense pali malamulo atatu amene amateteza nthawi ya wantchito. Minimum call ndi maola ochepetsetsa amene munthu ayenera kulipidwa akafika pamalo, ndipo m'mapangano ambiri amakhala 4. Munthu amene walipira ulendo ndi kukana ntchito ina sabwerera chimanjamanja chifukwa lole yachedwa kapena ntchito yatha msanga. Meal penalty ndi ndalama yoonjezera imene bwana amalipira ngati anthu apitirira nthawi yogwirizana, kawirikawiri maola 5, asanapume kuti adye. Turnaround ndi mpata wopumula pakati pa kuweruka ndi kuitanidwanso, ndipo bwana akaufupikitsa amalipira mtengo wokwera. Cholinga cha ndalama zoonjezerazi n'chakuti kutopetsa anthu kukhale kodula kuposa kuitana gulu lina.

Kufunika kwa mapanganowa kumaoneka bwino tikayang'ana lamulo la dziko lonse. Fair Labor Standards Act ya 1938 imati wantchito akapitirira maola 40 pa sabata alipidwe ovataimu, malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse loonjezera. Lamuloli silikakamiza bwana kupereka nthawi yodya, ndiponso maola 40 amawerengedwa kwa bwana mmodzi. Stagehand amene wagwirira makampani atatu m'sabata imodzi angathe kugwira maola 60 osalandira ovataimu ngakhale ya ola limodzi. N'chifukwa chake mapangano a bungwe amawerenga ovataimu pa tsiku, ndipo ambiri amakwezanso mtengo wa maola a pakati pa usiku. Chigawo cha California chinaika zotere m'malamulo ake: ovataimu imayamba akakwana maola 8 pa tsiku, ndipo akapitirira 12 malipiro amawirikiza kawiri.

Mwa ogwira ntchito onsewa, amene amalandira zambiri kawirikawiri ndi ma rigger, okwera kudenga kukamangirira maunyolo onyamula zitsulo, magetsi ndi masipika olemera amene amalendewera pamwamba pa mitu ya anthu. Pali mayeso a luso lawo otchedwa ETCP, ndipo eni malo ena amafuna kuti wotsogolera gulu akhale ndi chiphaso chimenechi. Pa 13 Ogasiti 2011, ku chionetsero cha Indiana State Fair mumzinda wa Indianapolis, pa malo a boma la chigawocho, mphepo inagwetsa denga la nsanja. Anthu 7 anamwalira, mmodzi mwa iwo stagehand, ndipo 58 anavulala. Oona za chitetezo cha pantchito m'chigawocho anapereka chindapusa kwa kampani imene inamanga dengalo, kwa komiti yoyendetsa chionetserocho, komanso kwa nthambi ya IATSE ya kumeneko, imene inatsutsa ponena kuti si iyo inali bwana wa antchitowo. Funso loti bwana ndani limabwerabwera pa nkhani yonseyi.

Mawu amene amanyamula nkhani ya malo a boma ndi prevailing wage, kutanthauza malipiro amene afala m'dera kwa anthu a luso limodzi. Amasiyana ndi malipiro ochepetsetsa a dziko lonse, amene akhala pa madola 7.25 pa ola kuyambira 2009. Gwero lake lodziwika ndi Davis-Bacon Act, lamulo limene pulezidenti Herbert Hoover anasaina mu 1931, lokhudza makontirakitala omanga kapena kukonza nyumba ndi zinthu zina za boma la dziko lonse pa ntchito zoposa madola 2,000. Maganizo ake ndi akuti boma limagula zambiri, ndipo likamangosankha wotchipa, amene amapambana ndi kontirakitala wofinya antchito, malipiro a dera lonse n'kutsika. Kuyambira 1964 mtengowu umaphatikizapo ndalama za inshuwalansi ya chipatala ndi penshoni, zimene kwa munthu wosinthasintha mabwana ndi zofunika kwambiri, poti palibe bwana mmodzi amene amakhala naye nthawi yokwanira kuti amupatse zimenezi. Powerengera mtengowo, unduna wa zantchito umatenga malipiro amene anthu oposa theka amalandira. Akasowa, umatenga amene amalandira anthu osachepera 30 pa 100 alionse, njira imene inabwezeretsedwa mu 2023. Akasowanso umatenga avereji.

Lamuloli, ngakhale lili lakale ndi lolimba, ogwira ntchito za pansanja siliwafikira. Kumanga nsanja ya masiku atatu sikuwerengedwa ngati ntchito yomanga ya boma, ndipo ndalama zolipira antchito zimachokera kwa wokonza chionetsero, osati m'thumba la boma. Boma limangobwereketsa malo. Mizinda ina inatseka mpata umenewu poika lamulo la malipiro m'chilolezo kapena m'pangano la lendi. San Francisco ndi chitsanzo. Amene wapatsidwa chilolezo kapena pangano logwiritsa ntchito malo a mzindawo pochititsa chionetsero ayenera kulipira prevailing wage kwa ogwira ntchito za magetsi, zokuzira mawu, makanema, ukalipentala ndi zopachika. Khonsolo ya mzindawo, Board of Supervisors, ndiyo imakhazikitsa mtengowo, ndipo ofesi yake yoona za malamulo a ntchito ndiyo imalondoloza.

Mphamvu ya mzinda yochita zimenezi imadalira kusiyana kwa boma monga wopanga malamulo ndi boma monga mwini katundu. Nkhani za mabungwe a antchito zili m'manja mwa lamulo la dziko lonse la 1935, ndipo mzinda sungalowerere mwachisawawa. Koma mu 1993, pa mlandu wokhudza ntchito yoyeretsa doko la Boston, Khoti Lalikulu linagamula kuti nthambi ya boma imene ikugula ntchito ngati mwini wake ili ndi ufulu woika zofuna zake monga angachitire mwini wina aliyense. Otsutsa amati malamulo otere amadulitsa zikondwerero zazing'ono za m'madera. Dandauloli lili ndi maziko, ndipo n'chifukwa chake malamulowa amapatula zochitika zina zazing'ono. Koma pa chionetsero chogulitsa matikiti kwa anthu masauzande ambiri, m'paki yosamalidwa ndi misonkho ya anthu, n'kovuta kupeza chifukwa chomveka cholipirira omanga nsanja ndalama zochepera mtengo wa m'deralo.

Chimene chimafooketsa zonsezi ndi misclassification, kulemba wantchito ngati kontirakitala woima payekha. Wolembedwa motero alibe ovataimu, alibe chipukuta misozi akavulala pantchito, sangakambirane malipiro kudzera m'bungwe, ndipo msonkho wonse wa penshoni ya boma amalipira yekha. Mu 2016 khoti la apilo linagamula kuti ma stagehand amene kampani ya Crew One ya ku Atlanta inkawatumiza ku zionetsero anali makontirakitala, makamaka chifukwa amene ankawalamula pamalo anali okonza zionetserowo. California inatsata njira ina. Kuchokera pa chigamulo cha mlandu wa Dynamex cha 2018 ndi lamulo la AB5 la 2019, munthu amatengedwa kuti ndi wantchito pokhapokha kampani itasonyeza kuti siimulamulira, kuti ntchito yakeyo si imene kampaniyo imachita masiku onse, ndiponso kuti ali ndi bizinesi yakeyake.

Chotsala ndi kulondoloza. Pa ntchito za Davis-Bacon kontirakitala amapereka sabata iliyonse kaundula wosainidwa wa mayina, maola ndi malipiro, ndipo boma lingathe kugwira ndalama zake mpaka atalipira antchito zimene anawabera. Chionetsero chimatha m'masiku ochepa, malole n'kupita kumzinda wina, ndipo boma lilibe ndalama za wokonzayo zoti ligwire. Chida chimene mzinda umatsala nacho ndi chilolezo chomwecho: kufuna kaundula wa malipiro, kusunga ndalama ya chikole, ndi kukana kubwereketsanso malo kwa amene sanalipire. Lamulo la malipiro lopanda zinthu zimenezi limadalira wantchito kudandaula yekha, pamene akudziwa kuti amene akumudandaulayo ndi yemwe adzasankhe anthu oitanidwa pa call yotsatira.